Nthambi za Msangu Zomwe Ndinatola Patala

Ine sindine munthu wopepesa wamba. Kafunseni ku Makhanga, akakuuzani kuti ndikamaitana bwato ndili tsidya lino, wa tsidya linalo ankamva ngati ndili pakhutu pake. Sukulu sindinapite nayo patali, koma nkhani iyi ndalimbikira kuilemba ndekha, chifukwa ndinapundula mwana wa eni ake osamukhudza n'komwe.

Madzi osefukira atatisamutsa ku Makhanga, tinakhazikika kumtunda, m'mbali mwa msewu wa tala wopita ku Nchalo. Ine ndinakulira pamadzi. Za Shire ndimazidziwa, pomwe pali mchenga ndi pomwe pagona mvuu. Za msewu sindinkazidziwa, ndipo kufunsa munthu ndinkakuona ngati kudzitsitsa. Ndinkangokhala pamthunzi n'kumayang'ana mathiraki, kudabwa kuti chinthu chachitali ngati tchalitchi chimamvera bwanji munthu mmodzi.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lathu lija lowotcha mpaka m'mafupa. Msipu kunalibe, mbuzi zanga zinafika podya makatoni. Tsiku lina masana ndikuchokera kumsika ndinaona nthambi zaziwisi za msangu zili patala, motalikirana, kulowera kukona. Ndinaima n'kumadzifunsa kuti zagwa m'ngolo ya yani, nanga bwanji zagwa mondondozana chonchi? Chidwi ndinali nacho ndithu. Koma m'malo mokasuzumira kaye kuseri kwa kona, ndinaganiza za mbuzi. Ndinatola zonse, n'kumanga mtolo, n'kusenza.

Nditakhota pakonapo ndinapeza thiraki ya thonje itafera pamsewu, dalaivala wake ali chagada kunsi kwake, miyendo yokha ikuoneka. Nthawi yomweyo kumbuyo kwanga kunamveka kugunda. Inali thiraki ina, yodzaza simenti, ikubwera mwaliwiro. Ndinakuwa ndi mawu anga onse, wakunsi uja anagubuduka n'kuthawira kutchire. Wa simenti anaponda mabuleki, matayala analira, utsi tolotolo, koma galimoto inkangobwerabe. Pozemba inzakeyo anakhotetsera kumbali n'kukagwera m'ngalande. Anthu anamutulutsa wamoyo, koma mwendo wakumanja unali utaphwanyika, ndipo kuchipatala anaudula.

Dalaivala wa thonje sananditukwane. Anangoyang'ana mtolo womwe unali ukadali pamutu panga, n'kundiuza kuti nthambizo anathyola ndi iye. Thiraki ikafera pamsewu, amaika masamba kutali kuti wobwera adziwiretu. Ana a m'mbali mwa tala onse amadziwa zimenezi. Ine nkhalamba sindinkadziwa.

Ndinapita kuchipatala kukamuona wovulalayo, bambo wa ku Ngabu, wa mkazi ndi ana ang'onoang'ono. Ndinamuuza kuti wotola nthambi ndinali ine. Koma inu owerenga, mundikhululukire, funso linkanditentha mumtima ndipo ndinalifunsa. Ndinati, baba, ndinakumvani mukuponda, nanga bwanji sinaime?

Iye anati, “Madala, bwato lodzaza matumba a chimanga mukasiya kupalasa, limaima pomwepo?”

Ndinati ayi, limapitabe, ndipo ukafuna kukocheza umayamba kulibweza uli patali.

“Ndiye nthambi yoyamba ija ndi pomwe ndimayambira kubweza. Pakona m'pochedwa.”

Anavomera yekha kuti nayenso ankathamanga, pofuna kukatsitsa katundu dzuwa lisanapendeke. Anandiuzanso kuti mnzake wa thonje uja ankayenera kukhala ndi tizikwangwani tofiira ta makona atatu, timene mbuzi singadye, ndipo nkhalamba singatole. Sanafune kundisenzetsa mlandu wonse, koma ine ndikudziwa gawo langa. Ndikutsanzika anandifunsa ngati mbuzizo zinadya. Ndinati sindinazipatse, mtima unakana.

Anati, “Mukanangozipatsa, madala. Mwendo wanga usapite pachabe.”

Anaseka, ine ndinalephera.

Tsono inu anzanga amene madzi anakuthamangitsirani kumtunda ngati ine, msewu uli ndi malamulo ake monga mtsinje. Mukaona masamba patala asiyeni, ndipo thamangitsani mbuzi zikayamba kuwadya. Mukaona chinthu chodabwitsa, yendani mukachione kapena funsani, ngakhale wokuuzaniyo akhale mdzukulu wanu. Inu madalaivala, yendani ndi tizikwangwani tanu, thiraki ikafa muikankhire kunja kwa tala ngati n'kotheka, ndipo pakona muzifika ngati kuseriko kwafera mnzanu. Kuno kuchigwa msipu ukatha, tsamba laliwisi silikhalitsa pansi.

Bambo uja tsopano amasoka nsapato pamsika, galimoto sayendetsanso. Mtolo wanga ukadali kuseri kwa khola, unauma kalekale. Mayi a kunyumba akafuna kusonkhera moto ndimawaletsa, ndipo ndi nthawi yokhayo yomwe ndimayankhula motsitsa mawu.