Chiguduli Chonyowa cha Malume

Masilinda ena a thirakitala, aja amakweza pulawo ndi mphamvu ya oyilo, amabwera owotcherera, opanda bawuti yomasula. Akayamba kudontha umachita kudula, n'kusintha labala wa m'kati, n'kuwotchereranso.

Malume anga, amene anandiphunzitsa ntchitoyi ku Mkanda, ankanditopetsa. Ankakulunga silinda ndi chiguduli chonyowa, n'kuwotcherera pang'ono chabe, kenaka n'kukhala pansi kumaswa mtedza. Ine mumtima ndinkati ndi ulesi basi.

Tsiku lina iwo atapita kumaliro ku Kapondo, ndinasintha labala wa silinda ina n'kuiwotcherera ndekha ulendo umodzi, osapumira. Msoko unatuluka wokongola, ndipo ndinanyada. Koma kumunda pulawo inangokwera kamodzi, oyilo n'kuyamba kuchucha. Moto wanga unali utapsereza labala watsopano uja m'kati, momwe maso sankafika.

Malume atabwera sanakalipe. Anangoviika chiguduli m'ndowa n'kundipatsa.

Lero iwo kulibe, garaja ndi yanga. Dzulo mlimi wina anandipeza nditakhala, silinda yake ikuzizira.

"Abambo, mvula yayandikira, inu mukudya mtedza?" anatero.

"Khalani pansi tidye," ndinamuyankha. "Ntchito yanu ndi imene ndikugwirayi."