Tsiku Lomwe Ndinadzutsa Madowe a Agogo

Fungo la matope ovunda likangondilowa m'mphuno, ndimaona agogo anga aamuna, a Bitoni, atagwada pa dambo louma la kwathu ku Chikwawa, khutu pansi, matako kumwamba ngati munthu wopepesa mizimu. Fungolo linandipeza chaka chatha kuno kutsidya kwa nyanja, ku Oshawa, litakwera majombo a mdzukulu wanga Tadala.

Mtsikanayu amaphunzira zinthu zoti ine wa Sitandade 4 ndikazitchula ndiluma lilime. Amakwera sitima ya pamadzi kupita kumpoto kwenikweni, kumene nyanja imalowerera pakati pa mapiri a ayezi, n'kumatsitsa chitsulo chojoba matope a pansi pa nyanjayo. Akatero amawerenga nyongolotsi, nkhono ndi tizilombo tina tosadziwika kumene kuli mutu. Mayi ake, mwana wanga Esinati, yemwe ndi nesi, anali atatopa nazo.

"Sukulu yonseyi kukakumba matope? Chaka chino supitakonso. Ufune ntchito ya anthu."

Tadala anangozyolika. Ine ndinamukokera pambali. "Tandiuza iwe, tizilombo takoto timadya chiyani?"

Anafotokoza m'Chichewa chake chotsimphina. Akuti kumeneko dzuwa limasowa kwa miyezi, pamwamba pamatsekeka ndi ayezi, pansi sipagwa kanthu. Tizilomboto timangoti phee, kunyambita zotsalira m'matope. Dzuwa likabwerera, ndere imaphuka pamwamba n'kumagwera pansi ngati gaga, ndiye tambiri timadzuka, kudya, kuswana.

"Koma Agogo, masiku ano ayezi akusungunuka msanga. Tikufuna tidziwe ngati chakudya chikugwabe pa nthawi yake."

Apo ndinakumbukira kuti mlandu wotere ndinaupalamulapo.

Agogo anga a Bitoni anali mlenje wa madowe, nsomba zazitali ngati njoka zomwe dambo likauma zimadzikwirira m'matope, kudzikulunga m'thumba la mamina awo, n'kusiya kabowo kopumira. Mu Okotobala, nyenje zikulira ngati zalipidwa, nthaka itang'ambika n'kumaotcha mapazi, agogo ankayenda pang'onopang'ono, fodya ali m'mphuno, akugogoda pansi ndi chidendene, kenako n'kugwada kumvetsera. Dowe akadandaula pansipo, ankakumba chibuma chonse osachiswa, n'kukachiika kunsi kwa nkhokwe, nsomba ili moyo m'katimo, osaola, osafuna mchere. Zinali ndiwo za miyezi ya njala. Dambo lililonse ankasiyamo ena. "Mbewu sadya," ankatero, basi. Sanali munthu wa mawu ambiri. Ambiriwo anasiyira ine.

Chaka china mvula inachedwa, ndipo kunsi kwa nkhokwe kunali zibuma zisanu ndi ziwiri. Ine, wa zaka zisanu ndi zitatu, mutu wodzaza nzeru za mbuzi, ndinagwidwa chisoni. Nsomba yopanda madzi, abale! Agogo atapita kumaliro, ndinakumba dzenje kuseri kwa nyumba, kugubuduziramo zibuma zonse, n'kuthira mitsuko itatu ya madzi. Matope anafewa, madowe anadzuka, anaphiriphitha, akuyesa kuti Disembala wafika. Ine kuvina!

Pofika masana madzi anali ataphwa. Atatu anali atauma gwa padzuwa, enawo akupuma wefuwefu, opanda chakudya, opanda mphamvu yodzikwiriranso. Tinawawamba onse, koma nsomba yowamba imaitana amphaka ndi alendo. Ndiwo za miyezi iwiri zinatha sabata isanathe.

Tsikulo ndinadikira mkwapulo. Agogo anangokhala pa chitsa, dowe wakufa ali pamiyendo pawo, akumusisita ndi chala.

"Wadzutsa mlendo chakudya chisanapse," anatero. "Chifundo chako ndi chabwino, koma sichidziwa mwezi."

Sanandimenye. Koma Januwale yense, tikudya chisoso chopanda mafuta, ankandiyang'ana mwaulemu n'kufunsa: "Bwana Mvula, ndiwo zikukoma?" Dzinalo linandimata mpaka ndinakwatira.

Nkhaniyi ndinaifotokoza patebulo, Esinati akumva. Pomaliza ndinati: "Mwanawe, ine bambo ako ndinaleredwa ndi matope, ndiye usawanyoze pamaso panga. Kumpotoko kuli kuthiridwa madzi pa zibuma, ndipo amene wagwada, khutu pansi, ndi mwana wakoyu. Musiye amvetsere."

"Adadi, inu ndi nkhani zanu," anatero, n'kunyamuka ndi mbale.

Koma nthawi ya ulendo itakwana ndinamupezerera akupanikiza masokosi aubweya m'chikwama cha Tadala, akung'ung'udza kuti mwana wopusayu adzaduka zala.

Ine mpaka lero, chisanu cha kuno chikatseka zitseko, ndimadzikulunga m'bulangete n'kusiya kabowo ka mphuno. Esinati akabwera kudzandigwedeza kuti ndikayende, ndimamufunsa momwemo, osatsegula maso: "Mvula yagwa, kapena ndiwe mwana wa Bwana Mvula ndi mtsuko wako?"