Mawu Oyamba a Zuze

Nthawi ya nkhondo, Apwitikizi atatiunjika m'mudzi wawaya pafupi ndi Fingoe, munthu sunkatuluka pachipata popanda giya, kapepala kachilolezo. Ine ndinali nako chifukwa cha mwana wanga Zuze, amene anafika zaka zisanu ndi chimodzi asanalankhulepo. Lachinayi lililonse ndinkayenera kupita naye kwa airima, amayi a tchalitchi ovala zoyera aja, omwe ankaphunzitsa ana otere kuuzira nthenga ndi kutchula mawu.

Tinapitako kamodzi kokha. Masiku ena onsewo ndinkakhotera kwa Nachisale wa kachasu, ndikudzilimbitsa mtima kuti mwana wosalankhula sanenera munthu.

Tsiku lina mayi ake atamupatsa madzi, Zuze anamwa, nagogoda chikho pansi monga ndinkachitira ine, nati, "Thiraninso!"

Mkazi wanga analira ndi chimwemwe, nagwira nkhuku. "Bambo a Zuze, Lachinayi tipite tonse tikathokoze."

Njira yonse ndinkapemphera kuti asilikali atibweze. Tsiku limenelo nkhondo inali patchuthi.

Airima analandira nkhuku ija ndi manja awiri, namuyang'anitsitsa Zuze, nafunsa mwaulemu, "Kodi mwanayu dzina lake ndani?"