Manda Amene Bambo Analoza ku Beira

Bambo anga anakhala zaka ziwiri m'mimba mwa sitima yapamadzi, koma mpaka lero akapeza kamtsinje katadzaza amabwerera kunyumba. Ife a ku Ntengo-Wambalame ndi madzi wapi ndi wapi? Timadziwa mbatatesi, nyemba ndi chisanu cholowa m'mafupa.

Anawagwira usilikali nthawi ya Apwitikizi, tsiku limodzi ndi alamu awo a ku Macanga, amene anali atangotenga chitengwa azakhali anga, mlongo wawo wa bambo. Azakhaliwo anatsala ali ndi pakati.

Sitimayo sanaipangire nkhondo. Bambo amati inali yamalonda, yonyamula thonje, khonje ndi shuga. Boma litaitenga linaipaka utoto wotuwa, n'kuimangirira mfuti imodzi kumbuyo, imene bambo sanaimvepo ikulira. M'zipinda za pansi, momwe munkakhala mabelo, anakhomamo matabwa ogonapo osanjikizana ngati zisa za nkhunda. Azungu pamwamba pa mphepo, anthu akuda pansi pa fungo la khonje. Mkulu wa ophika ataona momwe bambo ankasendera mbatatesi, khungu lopyapyala osataya mnofu, anawapatula pa gulu kuti akhale ake. Motero alamu awo anatsitsidwa kudziko lakutali la Timor, pomwe bambo anatsalira m'sitimamo, kupita ndi kubwera, kutula asilikali atsopano ndi kutenga otopa. Pa ulendo wawo womaliza anatenganso alamu awo aja, atawonda, maso ali chikasu. Sitimayo akuti pambuyo pake inabwerera ku katundu wake, kenaka anaiphwasula n'kugulitsa zitsulo.

Kumudzi bambo anafika okha. Anauza mlongo wawo kuti mwamuna wake anamwalira sitima ikukocheza ku Beira, ndipo anaikidwa bwinobwino m'manda a mishoni, pansi pa mtengo wa mango, apadiri atapemphera. Anthu analira maliro, anameta. Azakhali anakalamba ndi mtengo wa mangowo pakamwa, mpaka anapita nawo kumanda kwawo.

Mwana wa pakati paja ndiye msuweni wanga, amene wagwira ntchito ya chipatala ku Furancungo mpaka kupuma. Timanyozana pachisuweni kuyambira tili ana: iye amati ndine mkazi wake amene anamukana chifukwa cha mlomo, ine ndimati ndinamukana ndine chifukwa cha dazi. Chaka china m'nyengo yokumba mbatatesi anatulukira pa mota, njinga yamoto, fumbi mpaka m'nsidze. Anapereka moni kwa amalume ake atanjuta pansi, kenaka anafotokoza chimene anadzera. Anali atasemetsa mwala ku Tete, dzina la bambo ake litalembedwa kale, simenti ali nayo. Anzake onse anamangira makolo awo ziliza, iye yekha ndiye ankangoyang'ana pansi nkhani zotere zikamakambidwa. Chotsala chinali choti amalume amuperekeze ku Beira akamulozere manda.

Bambo anati adikire mbatatesi zithe. Mbatatesi zitatha anati bondo. Bondo litapola anati mvula yayandikira, misewu iwonongeka. Msuweni wanga anabwera katatu, n'kumabwerera chimanjamanja, osadandaula. Ine ndiye magazi anawira. Ndaphunzitsa ana ku Tsangano zaka zambiri ndipo wozemba ndimamudziwira patali. Ndinawauza bambo mosapsatira mawu kuti akuchita nkhanza, kuti munthu wa imvi uja sanaonepo nkhope ya bambo ake ndipo akungopempha mulu wa dothi. Ndinawonjezanso kuti ngati akuopa basi ndiwabereka ndine. Iwo anangotola khasu.

Ulendo wachinayi tinawapeza kumunda, dzuwa lili pamutu, akupalira chimanga. Atationa tonse awiri anakhala pa mzere, n'kutiuza kuti nafenso tikhale.

"Mphwanga," anatero, "ku Beira kulibe manda. Bambo ako anafera pakati pa nyanja, kutatsala masiku ambiri kuti tione mtunda. Anawasokerera m'saka ya lona, anamangirira zitsulo kumapazi, n'kuwatsetsereza m'madzi. Ndinalipo."

Msuweni wanga sanagwedezeke. Bambo anapitiriza kuti anayenda ulendo wonse wa kumudzi akukonza mawu oona, koma atalowa pabwalo n'kuona mlongo wawo ali ndi kamwana kumsana, lilime linakana. Kwathu munthu saponyedwa m'madzi. Chimene timaponya mumtsinje ndi galu wakufa. Akanauza bwanji mkazi wa ku mapiri kuno, amene nyanja sanaionepo, kuti mwamuna wake alibe dzenje, alibe adzukulu, ndipo mlongo wake anaimirira pomwepo osaletsa? Anaopanso kuti akuchimuna ati anamutaya dala. Ananama tsiku limodzi, bodzalo n'kuwalemera zaka zonsezi, ndipo mtengo wa mango uja anachita kuwonjezera chifukwa azakhali anafunsa ngati pamandapo pali mthunzi.

Ndinadikira kuti msuweni wanga akalipe, ndipo ndikanamuthandiza. Koma iye, munthu amene watseka maso a anthu ambiri m'chipatala, anafunsa funso limodzi lokha.

"Anawasambitsa?"

"Ndinawasambitsa ndine," anatero bambo. "Osati ndi madzi amchere. Ndinapempha anzathu a kwathu kuno, aliyense anathira madzi ake akumwa a tsiku limenelo m'ndowa."

Apo m'pamene dazi uja analira, kulira kwa mwana, nkhope ili m'chipewa. Ine ndinachita manyazi ndi mlomo wangawu, ndipo ndimachitabe manyazi ndikakumbukira zimene ndinawanena bambo.

Ndinkayesa kuti nkhani ya ulendo yathera pomwepo. Mvula itakata, bambo eni ake ndiwo anatuma uthenga ku Furancungo kuti akonzeka. Mwala tinausiya, unakaimikidwa pambali pa manda a azakhali. Tinakwera shapa, kaminibasi ka kwathu kuno, mpaka ku Tete, kenaka basi yaikulu, bambo atavala jekete yawo ya kutchalitchi m'kutentha konse kuja, osadya kanthu njira yonse.

Ku Beira tinapita kugombe m'mawa. Ine nyanja ndinali kuiona koyamba ndipo sindinaikonde: madzi amatope opanda tsidya, osakhazikika. Bambo anaima patali ndi mafunde, atagwira mkono wanga zolimba. Msuweni wanga anawafunsa motsitsa mawu kuti ndi chakuti.

Bambo anayang'ana nthawi yaitali, uku ndi uku, monga munthu wofunafuna malire a munda wake wakale. Kenaka anakweza dzanja n'kuloza kumanzere pang'ono, kupitirira mabwato a asodzi.

"Apo," anatero.

Madzi anali amodzimodzi paliponse, ndipo eni ake anali atanena kuti panali ulendo wa masiku ambiri. Mawu anafika pakhosi panga kuti bambo mwayambanso. Koma msuweni wanga anali atavula kale nsapato. Anayenda mpaka madzi anamufika m'mawondo, anagwada momwemo ndi buluku lake labwino, nkhope italunjika pomwe chala chinaloza, n'kuyamba kuwomba m'manja pang'onopang'ono, kupereka moni kwa bambo ake. Ndinatseka pakamwa, n'kuchirikiza chigongono cha bambo kuti dzanja lisatsike msanga.