Majombo a aTembo alowa m'matope

Loweruka ndinakumana ndi aTembo pamsika wa ku Bwacha akukankha wilibala yodzaza repu. Ndinayang'ana kumapazi kwawo. Majombo a kumgodi aja, matope okhaokha.

Kwa inu osawadziwa, aTembo anali kapitao wanga pansi pa mgodi. Akakhosomola, tonse tinkaimirira. Mgodi utatsekedwa, iwo anakana kumva. Lamlungu lililonse akachoka kutchalitchi ankapukuta majombowo n'kuwabwezera pansi pa bedi.

"Ogula mgodi akubwera," ankatero. "Adzafuna anthu odziwa mwala."

Sanabwere. Ana anayamba kugona ndi njala. Akazi awo, aNaphiri, anamanga katundu kuti abwerere nawo anawo kwawo ku Katete.

Tili chiimire pamsikapo, anyamata ogulitsa masiwiti anafuula: "Ba kapitao! Shifiti ya repu yayamba?"

"Yayamba, ana anga," anayankha aTembo. "Iyi palibe adzaitseke."

Ndinawafunsa chimene chinawatembenuza.

"ABanda, nditaona mitolo pakhomo ndinapita kugeti la mgodi. Udzu unali utamera mpaka panjanji. Ndinanena ndi pakamwa panga kuti watha. Tsiku lomwelo ndinakapempha dimba kuseri kwa Mukobeko."

Ambiri mumati kuvomera ndi kugonja. Bodza. Pitani ku komboni ya Makandanyama mukaone amuna amphamvu zawo atazungulira wailesi pansi pa mtengo, kudikira kuti alengeze za mgodi. Wagonja ndani, iwo kapena wokankha wilibala? Munthu wodikira sagwira khasu. Manja ake akuwasungira ntchito yomwe kulibe.

Sindikuti otseka mgodi anatichitira bwino. Anatitaya, ndipo mkwiyo ndili nawo mpaka lero. ATembo nawonso ali nawo. Koma iwo amapita nawo kudimba, n'kuutsanulira pa khasu.

Tikucheza choncho, anatulukira aNaphiri atanyamula beseni.

"Atate ake Esinati, repu ikufota inu mukukamba za miyala! Tsitsani."

Kapitao anatsitsa repuyo. Ku Katete sikunapite munthu.

Ine sindivulira munthu chipewa wamba. Loweruka ndinawavulira aTembo, pamaso pa anyamata a masiwiti.

Nanga inu anzanga amene tinkatsikira limodzi pansi, majombo anu ali kuti? Akadali kuwala pansi pa bedi?