Mzere wa kumbuyo kwanga

Ndinasiya sukulu mu Sitandade 6, tsiku limene aphunzitsi anandipatsa chikwakwa kachitatu sabata imodzi. Kwathu ndi kutsidya kwa dambo, kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Mvula ikakula umavula yunifolomu, kusenza makope pamutu n'kuwoloka madzi olekeza m'chiuno. Ukafika belu litalira kale, chilango chake n'kutchetcha bwalo anzako akuphunzira. Tsiku limenelo chikwakwacho ndinachiponya padenga la ofesi, n'kupita kudooko la Kachulu kukayanika matemba.

Chaka chatha mwana wanga wamkazi, wa Sitandade 3, anabwera manja ali matuza okhaokha. Lamulo lomwe lija. Nditapita kukafunsa, ahedi anati nkhani yotereyi imadzera kukomiti ya sukulu, ndipo komiti yatsopano isankhidwa Loweruka. Ndinati chabwino, ndiima nawo. Ndinkafuna chinthu chimodzi basi, kuti ana a kutsidya asamalangidwe miyezi ya madzi.

Loweruka lija ahedi anayamba ndi kabuku kamene anabwera nako kuchokera kumaphunziro ku Zomba. Anati ofufuza apeza kuti komiti yabwino imamvera makolo onse, ngakhale osaphunzira. Anthu anawomba m'manja. Pa mawu akuti osaphunzirawo ena anacheukira kwa ine, ndinawaona.

Kwathu komiti sitisankha ndi mapepala. Opikisana amaima moyang'ana khoma, anthu amandanda kumbuyo kwa amene akumufuna, ndipo sutembenuka mpaka atawerenga. Pa malo a dera lathu tinaima awiri, ine ndi bambo wina wagolosale amene ana ake amaphunzira ku Songani, damboli sanaliwolokepo n'kamodzi komwe. Ndinkamva mapazi akuchuluka kumbuyo kwanga, ndi fungo la nsomba, ndinadziwa kuti anzanga a kudooko afika. Kenako ndinamva malume anga akutsokomola, chifuwa chawo chouma chija cha fodya. Chinkachokera kumzere winawo.

Ndinatembenuka.

"Malume, amene akuwoloka madziwa ndi mdzukulu wanu. Mwaima kumeneko kuti chiyani, akupatsani shuga?"

Iwo sanakweze mawu. "Mphwanga, komiti si kudooko. Akakutsutsa kumeneko uponyanso chiyani padenga?"

Anthu anaseka. Zimene ndinawayankha sindingazilembe pano. Mzere wanga unali wautali kuposa winawo, ndinauona ndi maso angawa. Koma amayi a kumpingo anayamba kusuntha mmodzimmodzi, maso ali pansi, poti munthu wotukwana malume ake pagulu samuimira kumbuyo. Powerenga ndinatsala ndi mkazi wanga ndi asodzi anayi.

Wagolosale uja ndiye wapampando tsopano. Nkhani ya ana a kutsidya ndinaitumiza kudzera mwa mkazi wanga, poti ine akandiona pageti amayamba kunong'onezana. Akuti aimva, idzakambidwa akamaliza ya mpanda. Mpandawo sanauyambe n'komwe. Malume timapatsana moni pamaliro pokha, ndipo kabuku ka ofufuza kaja sindinamvenso kakuwerengedwa.

Mvula yabweranso, dambo ladzaza. Dzulo m'mawa mwana anakana kuvala yunifolomu, anati adzapita madzi akaphwa. Mayi ake anandiyang'ana kuti ndimukalipire. Koma ndikanamuuza chiyani ine? Makope ake ali mujumbo, apachikidwa pamsomali kuseri kwa chitseko.