Mikisa Yachikasu ya pa Nkhamenya

Inali yachikasu, koma utoto unangotsala m'mbali, kwinako dzimbiri lokhalokha. Mikisa, makina osakanizira simenti aja, ya matayala awiri, lina lophwa. Mpaka lero ndikamva fungo la dizilo ndimaiona itaima kuseri kwa golosale ina pa Nkhamenya.

Chaka chimenecho matalala anaboola fodya wathu yense ali m'munda. Chigafa chinakhala chopanda kanthu, nkhuku n'kumaikiramo mazira. Abambo ankadziwa zomanga, ndipo anayamba kutchula Joni, poyamba moseka, kenaka osaseka. Anzawo ena anali atapita kale, mmodzi sanamvekenso. Amayi sanatsutse, iwo sankatsutsa mwamuna pagulu. Anangopita kwa amalume kukagwirizana zogulitsa ng'ombe imene agogo anawasiyira, kuti agule mikisa ija, abambo apeze chogwirira ntchito konkuno. Abambo anati, "Ikapezeka ndi chilema ngakhale chimodzi, sindigula, ndikwera basi."

Tinapita tonse Lachisanu, ine ndili Sitandade 3. Mwini wake, bambo wachisilamu wa ndevu zoyera, anati akupita kumzikiti, tiyang'ane mmene tingafunire, makina sathawa. Abambo anakoka chingwe, injini inatsokomola, inatsokomolanso, kenaka phuphuphu, utsi wakuda, ine kuthawira kumbuyo kwa amalume. Abambo anayang'ana lamba, anagwedeza matayala, anaviika chala m'mafuta n'kununkhiza. Amalume ankangovomera ndi mutu. Zamakina sankazidziwa, koma ng'ombe inali ya mlongo wawo.

Amayi anaiyesa mmene amayesera mtsuko pamsika. Anagogoda mgolo wake ndi chala, khutu atagunditsa, amuna n'kumaseka. Kenaka anathiramo madzi, akuti tidikire.

Ine ndinali wamfupi, ndiye ndinaona. Dontho. Linanso. Pansi pa mgolo dothi linada kamalo kochepa ngati chikhatho changa. Ndinatsegula pakamwa, amayi anandiyang'ana kamodzi kokha, n'kusuntha phazi, patapata wawo pamwamba pa ponyowapo. Anaima pomwepo, dzuwa likuwawotcha, mpaka abambo atakhuthulira madzi onse pansi n'kunena kuti ili bwino.

Tinaikweza pa ngolo yobwereka. Patapita masiku abambo anakapeza kabowoko, anakalipa pang'ono, owotcherera anakatseka, nkhani inathera pomwepo. Chilimwe chonsecho abambo ankamanga ku Njombwa, n'kumabwera madzulo nsidze zili mbuu, mabanzi ali m'thumba. Ine ndinkathira timiyala mumgolomo potsuka, phokoso lake n'kumavinira. Sindikumbukanso chilimwe china chimene tinaseka chotero pakhomo.

Pano ndili ndi khanda kumbuyo, bambo ake ayamba kufunsafunsa za pasipoti, ndipo ine ndimangowayang'ana pakamwa, foni yawo ikalira ndimasiya zimene ndikuchita. Nthawi ija ndinkadabwa kuti amayi, amene ankatikwapula tikanama, abisiranji dontho. Ndinkayesa akuopa kuchititsa manyazi mwini makina. Sindinkadziwa kuti ndi phazi lija amayi ankatseka njira ya ku Joni.